Musananyamule Katundu: Kukonzekera Kusamukira Nyumba ya Lendi M'dera Latsopano

Anthu ambiri akamakonzekera msamuko, nkhawa yawo imakhala pa lole, makatoni ndi anyamata onyamula katundu. Zimenezo n'zofunika, koma ndi ntchito ya tsiku limodzi. Chomwe chimasautsa banja kwa miyezi ndi nyumba yomwe idaonedwa mothamanga Loweruka masana dzuwa likuswa mtengo, ndalama n'kuperekedwa popanda pepala lililonse, kenako n'kupezeka kuti madzi amabwera pakati pa usiku pokha, mita ya magetsi ili ndi ngongole ya munthu wina, ndipo denga limadonthera pomwe mwaika bedi. N'chifukwa chake mbali yaikulu ya malangizo awa ikunena za zochita musanapereke ngakhale tambala imodzi. Tikukamba za nyumba za lendi ndi mafulati m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu.

Nthawi ndi ndalama

Yambani kusaka nyumba kutatsala miyezi iwiri. Musanapite kulikonse, tulutsani pangano la nyumba yomwe mukukhala pano muone kuti notisi yake ndi yotalika bwanji. Kawirikawiri umakhala mwezi umodzi, ndipo eni nyumba ambiri amauwerenga kuyambira pa 1, osati pa tsiku lomwe mwawauza. Mukapereka notisi pa 10 Juni, musadabwe akakuuzani kuti mulipira mpaka kumapeto kwa Julaye. Notisi ikhale yolembedwa, inu n'kusunga kope lake. Koma musaipereke pangano la nyumba yatsopano lisanasainidwe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Nyumba yomwe ejenti wakulonjezani pa foni ikadali ya mphepo.

Ngati thumba likulola, konzani kuti makiyi atsopano muwalandire kutatsala masiku atatu kapena anayi kuti mutuluke m'nyumba yakale. Masiku amenewo ndi okolopa, opopera mankhwala ndi osintha maloko nyumba ilibe kanthu. Katundu akalowa, mankhwala safikanso m'makona momwe mphemvu ndi nsikidzi zimabisala.

Nyengo yabwino yonyamula katundu ndi yopanda mvula, kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Kuyambira pakati pa Novembala mpaka Epulo misewu yafumbi ya m'makwalala imasanduka matope, lole imatha kutitimira patali ndi nyumba, matiresi n'kuyamba kusenzedwa pamutu mvula ikuwaza. Komabe nthawi ya dzinja ndi yomwe nyumba imaonetsa chilungamo chake, kotero ngati mwasaka nyumba m'miyezi imeneyi, pitani mukaione mvula itangokata. Amene ali ndi ana a sukulu asankhe tchuthi chachikulu cha mu Ogasiti, popeza chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala. Mwana wa Sitandade 8, Fomu 2 kapena Fomu 4 amene walembetsa kale mayeso a MANEB dzina lake lili pa senta ya sukulu yomwe adalembetsera. Kumusuntha pakati pa chaka kumabweretsa chipwirikiti, ndiye ndi bwino amalize kaye, ngakhale zitatanthauza kukhala kwa achibale teremu imodzi.

Pa ndalama, lendi ya mwezi umodzi ndi kachigawo chabe. Eni nyumba ambiri m'tauni amafuna miyezi itatu pakamodzi, ena amaonjezerapo dipoziti. Pamwamba pake pali ya ejenti, ya lole, ya aganyu, maloko, mababu, mayunitsi a magetsi oyambira, makatani ngati mawindo ndi osiyana kukula, ndi yunifomu ya sukulu yatsopano. Pali ndalama inanso yomwe anthu amaiwala, ya mayendedwe. Nyumba ya ku Area 25 ikhoza kutsika mtengo poyerekeza ndi ya ku Area 18, koma ngati mumagwira ntchito ku Capital Hill werengani motere: kusiyana kwa mtengo wa minibasi kapena kabaza, kuchulukitsa kawiri pa tsiku, kuchulukitsa masiku 22 a ntchito, kuchulukitsanso ndi anthu a m'nyumba omwe amayenda tsiku lililonse. Mukaphatikiza zotsatirazo ndi lendi, nyumba yotchipa ija nthawi zina imapezeka kuti ndi yodula.

Ejenti

Ejenti wabwino amakupulumutsani kuyendayenda, koma pa Facebook ndi pa WhatsApp pali anthu omwe amaika zithunzi za nyumba zomwe sadaziponde n'komwe. Chizindikiro chawo n'chimodzi: amakufulumizitsani. Amati pali wina akubwera ndi ndalama madzulo ano, tumizani kangachepe kuti tikusungireni. Musatumize. Ndalama ya lendi iperekedwe kwa mwini nyumba, inu mutalowa m'nyumbamo ndi makiyi, mutaonana naye maso ndi maso. Ya ejenti mugwirizane musanakwere galimoto: yoonera nyumba ndi zingati, ikukwanira nyumba zingati, ndipo yothokoza mukapeza nyumba alipira ndani, inu kapena mwini wake.

Kuti mudziwe ngati munthu ali mwini nyumba weniweni, pemphani kuona bilu ya madzi ndi chiphaso chake cha unzika, muyerekeze maina. Akakhala kuti akuimirira m'bale wake wa ku Joni kapena ku Mangalande, lankhulani ndi mwini wakeyo pa foni ndipo pakhale kalata yomupatsa mphamvu. Samalani kwambiri ndi nyumba za Malawi Housing Corporation. Amene akukubwereketsaniyo akhoza kukhala kuti nayenso akuchita lendi ku bungwelo, ndipo zikadziwika kuti wabwereketsa popanda chilolezo, wotulutsidwa ndi katundu ndinu.

Madzi

Pano ndi pofunika kuchedwapo. Musanalowe pageti, yang'anani makonde a anthu oyandikana nayo nyumba. Mukaona migolo yabuluu, zigubu ndi ndowa zitandandalikidwa pakhomo lililonse, kapena thanki pamwamba pa nsanja nyumba iliyonse, dziwani kuti mipopi ya kumeneko imauma. Ku Blantyre madzi ambiri amapopedwa kuchokera mu Shire ku Walker's Ferry n'kukwezedwa mtunda wautali, kotero nyumba za m'mapiri ndi za kumathero kwa mapaipi ndi zomwe zimayamba kuvutika. Ku Lilongwe nako, kumene madzi amachokera m'madamu a Kamuzu ku Malingunde, madera amasiyana kwambiri mphamvu ya madzi, makamaka mu Okutobala ndi Novembala. Funsani mayi amene mwamupeza akuchapa pafupi: madzi amabwera nthawi yanji, ndipo sabata yatha adasowa masiku angati?

Mukalowa, tsegulani mpopi uliwonse, wa kukhitchini, wa kubafa ndi wa panja. Tengani ndowa ya malita 20 muone nthawi yomwe ikutenga kuti idzadze. Ikadzadza m'mphindi ziwiri kapena zitatu, madzi ali bwino. Ikapyola mphindi zisanu masana, m'mawa aliyense akutunga shawa singatuluke kanthu.

Kenako yesani ngati pali paipi yodontha mobisika. Tsekani mipopi yonse, lembani manambala a pa mita, onse akuda ndi ofiira omwe. Akuda amawerenga malita 1,000 pa nambala iliyonse, ofiira amawerenga malita ochepa. Pitirizani kuona zipinda, mubwererenso pakatha theka la ola. Ofiira aja akasuntha, madzi akutayika penapake, pansi pa nthaka kapena m'khoma, ndipo bilu yake idzakhala yanu. Wakuba madzi wamkulu m'nyumba zambiri ndi thanki ya chimbudzi yomwe labala yake yatha. Donthezerani m'thankimo timadontho ta utoto wa keke, musagejemule, mudikire mphindi 20. Utoto ukaoneka m'mbale ya chimbudzi, thankiyo ikutaya madzi usana ndi usiku. Kukonza kwake n'kotchipa, koma kuchitike musanalowe.

Pemphani bilu yomaliza ndi lisiti yake. Lilongwe Water Board, Blantyre Water Board ndi mabungwe a madzi a m'zigawo amadula madzi potengera ngongole ya pa akaunti ya nyumba, ndipo wobwera kudzadula safunsa kuti adagwiritsa ntchito madziwo ndani. Ngati mita ndi yolipiriratu, funsani ngati ilibe ngongole yakale yomwe imadulidwa pogula. Ngati mpopi ndi umodzi wa mabanja angapo, mudziwiretu kagawidwe ka bilu: pa khomo kapena pa mutu wa munthu? Mikangano yambiri ya m'nyumba za mdadada imayambira pamenepo.

Magetsi

Mita zambiri za ESCOM m'tauni tsopano ndi zolipiriratu. Lembani nambala ya mita, mugule mayunitsi ochepa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba mwini nyumba ali pomwepo. Uthenga womwe ukubwera ndi manambala 20 olowetsa mu mita uwerengeni bwino. Mayunitsi akachepa kuposa omwe mumapeza ndi ndalama yomweyo kwanu, pakhoza kukhala ngongole yomwe ikudulidwa, ndipo nkhaniyo ithe musanasaine.

Pa mita pali kagetsi kofiira komwe kamaphethira magetsi akamagwiritsidwa ntchito. Kagetsi kameneka kangakuuzeni zinthu ziwiri. Zimitsani chilichonse m'nyumba, muzule zonse za m'masoketi. Kakapitiriza kuphethira, pali wina amene akudya pa mita yanu, mwina nyumba yaing'ono ya kuseri, mwina magetsi a pampanda, mwina pampu ya madzi. Kenako yatsani giza (chotenthetsera madzi osamba) kapena chitofu. Kagetsi kaja kayenera kuphethira mofulumira. Kakapanda kusintha, waya wa chipangizocho wadutsa kumbali kwa mita, komwe ndi kuba magetsi. Ena amakunong'onezani ngati mwayi. Si mwayi ayi: a ESCOM akazipeza amadula magetsi n'kulipiritsa chindapusa, ndipo amene amupeza m'nyumbamo ndi amene amagona mumdima nkhani ikukambidwa. Mawaya olumikizidwa mwakuba ndi omwenso amayambitsa moto.

Tengani chaja ya foni muyese soketi iliyonse. Soketi yakuda m'mphepete kapena yonunkha pulasitiki yopserera ndi yofunika kusintha. Amene ali ndi chitofu chachikulu cha uvuni aone ngati kukhitchini kuli swichi yakeyake, chifukwa soketi wamba siyingachipirire. Giza ndi yabwino m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye, koma imadya mayunitsi awiri kapena atatu pa ola lomwe ikutenthetsa, ndiye onani kuti swichi yake ili pati ndipo ikugwira ntchito.

Denga, makoma ndi chimbudzi

M'nyumba ya siling'i, yang'anani kumwamba mufune mabala ozungulira ofiirira ndi malo olendewera. Penti yatsopano pa kachigawo kamodzi kokha ndi chizindikiro choti pali chomwe chabisidwa. M'nyumba yopanda siling'i, tsekani zitseko ndi mawindo masana, muyang'ane malata. Kadontho kalikonse ka kuwala ndi pomwe mvula idzalowere.

Tsitsani maso kumunsi kwa makoma. Penti yofufuma kapena ufa woyera kuyambira pansi mpaka m'mawondo zikusonyeza kuti chinyezi chimakwera kuchokera m'nthaka, ndipo m'nyumba yotere nsapato, zovala ndi mabuku zimachita nkhungu m'dzinja. Tsegulani wadilopu yomangira kukhoma mununkhize. Ming'alu yaing'ono ya pulasitala si nkhani, koma mng'alu wopingasa wochokera pakona ya windo kapena chitseko, woti ndodo ya machesi n'kulowa, ukutanthauza kuti maziko akusuntha. Timizere ta dothi tokwera m'mafelemu ndi chiswe. Timadontho takuda m'ming'alu ya khoma la kuchipinda ndi ndowe za nsikidzi. Onaninso ngati pansi pa nyumba ndi pokwera kuposa bwalo. Pakakhala potsika, madzi a mvula adzalowera pakhomo.

Chimbudzi chamadzi chigejemuleni kawiri muone ngati madzi akutsika msanga. Kuseri, pomwe pali septiki thanki, udzu wobiriwira kwambiri ndi fungo m'nyengo yopanda mvula zikusonyeza kuti dzenje ladzadza. Kupopa kumafuna galimoto yolipira, kotero pangano linene kuti ndi udindo wa ndani. Chikakhala chokumba, funsani kuti mabanja angati amagwiritsa ntchito, onani ngati silabu ilibe ming'alu, ndipo mudziwe kuti amasesa mosinthana bwanji.

Gwedezani zitsulo za m'mawindo chimodzichimodzi. Zina zimangokhomedwa ndi misomali pa felemu yathabwa ndipo zimazuka ndi dzanja. Chitseko cha kuseri chionedwe kuposa cha kutsogolo.

Fulati ili ndi zakezake. Nyumba za pamwamba ndi zomwe zimayamba kusowa madzi mphamvu ikachepa, ndiye funsani ngati pali thanki ndi pampu, ndipo magetsi a pampuyo amalipira ndani. Funsani za ndalama ya mlonda ndi ya zinyalala, malo oyanika zovala, malo oimika galimoto, komanso ngati mbaula imaloledwa pakhonde magetsi akathima. Tengani tepi muyeze chitseko ndi pokhotera masitepe. Zitseko zambiri zimakhala pafupifupi masentimita 80 m'lifupi, ndipo sofa kapena wadilopu yosamasuka ikakanika pokhotera, imagona panja kapena kugulitsidwa motchipa tsiku lomwelo.

Dera lenilenilo

Dera liyendereni nthawi zosiyana. Pitani m'mawa cha m'ma 6 koloko mukaime pa siteji muone ngati minibasi zikupezeka kapena zikudutsa zitadzadza kale. Pitaninso kutada muyende kuchokera pa siteji mpaka pakhomo: pali magetsi? pali tchire kapena mlatho wa phee? Usiku wa Lachisanu ndi womwe mungadziwe ngati kuseri kwa mpanda kuli bala kapena mapemphero a usiku wonse a zokuzira mawu. Imbani foni muli m'kati mwa chipinda chogona, pa Airtel ndi pa TNM, chifukwa pali nyumba zomwe netiweki imathera pakhonde.

Ofunika kuwafunsa ndi ogulitsa tomato pakona, a kabaza ndi mwini golosale. Funso lomwe limatulutsa zambiri ndi lakuti, "Kodi amene ankakhala muno adachokeranji?" Ngati m'chaka chimodzi mwadutsa mabanja atatu, vuto lili pa nyumba kapena pa mwini wake.

Za malo otsetsereka ndi a m'mphepete mwa mitsinje musazitenge mopepuka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, nyumba zambiri ku Chilobwe ndi madera oyandikira zidakokoloka pamodzi ndi anthu. Ku Lilongwe, mtsinje wa Lingadzi udasefukirapo m'nyumba za ku Mtandire. Nyumba ya m'khwawa kapena ya m'munsi mwa phiri lopanda mitengo imatsika mtengo pa chifukwa. Yang'anani mzere wa matope pa mipanda ya njerwa, umaonetsa pomwe madzi adafika.

Pangano

Ngakhale mwini nyumba ndi wa kumpingo kwanu, lembani. Pepala likhale ndi maina onse monga alili pa ziphaso, nambala ya puloti, lendi ya pa mwezi, tsiku lolipira, miyezi yomwe ndalama yoyamba ikukwanira, dipoziti ndi nthawi yomwe idzabwezedwe, kutalika kwa notisi mbali zonse ziwiri, ndi kuti lendi ingakwezedwe pakatha nthawi yaitali bwanji. Linenenso zokonza: denga, mapaipi a m'khoma, mawaya ndi msonkho wa khonsolo ndi za mwini nyumba, mababu, galasi lomwe mwaswa nokha ndi ukhondo wa pabwalo ndi zanu. Mukagwirizana kuti mukonze china chake ndi ndalama zanu n'kudula pa lendi, zilembedwe pamodzi ndi mtengo wake ntchito isanayambe. Lonjezo loti "tikonza mukalowa" nthawi zambiri silikwaniritsidwa, chifukwa mphamvu yanu yokambirana imatha mukangopereka ndalama.

Tsiku lolandira makiyi, yendani m'nyumba yonse ndi mwini wake, mujambule chilichonse chowonongeka kale, mulembe manambala a mita zonse ziwiri ndi chiwerengero cha makiyi, nonse n'kusaina pamaso pa mboni. Zithunzizo mutumizireni pa WhatsApp tsiku lomwelo kuti deti lioneke. Lipirani kudzera ku banki kapena pa foni, ndipo mukalipira pamanja musachoke opanda lisiti.

Kulongedza

Yambani kutatsala masabata atatu ndi zinthu zomwe simuzigwiritsa ntchito tsiku lililonse. Makatoni pemphani kapena gulani m'magolosale akuluakulu. Mabuku alowe m'makatoni aang'ono, ndipo katoni iliyonse isapyole makilogalamu 20, apo ayi imabooka pansi poikweza. Mbale zadothi zikulungidwe chimodzichimodzi m'nyuzipepala kapena m'zitenje, ziimikidwe chammbali, osati kusanjikizana, chifukwa yapansi ndi yomwe imasweka lole ikagunda dzenje. Lembani nambala ndi dzina la chipinda m'mbali mwa katoni, popeza pamwamba pamabisika mukasanjikiza. Manambalawo alowenso m'kope.

Mabawuti a bedi aikidwe m'kajumbo, kajumboko kamangiriridwe ku bedi lomwelo. Jambulani mawaya a kuseri kwa TV musanawazule. Dishi ya DStv ikasunthidwa imafunika kulunjikitsidwanso ndi wodziwa, ndipo funsani kaye mwini nyumba musanaboole khoma lake.

Filiji izimitsidwe kutatsala maola 24 kuti madzi oundana asungunuke, ipukutidwe, chitseko chimangidwe ndi chingwe. Iyende choimirira. Ikagonekedwa, mafuta a mu kompulesa amalowa m'mapaipi a gasi, ndipo mukaiyatsa nthawi yomweyo imatha kuwonongeka. Mukafika isiyeni choimirira maola angapo musanayatse, ndipo ngati idayenda chogona, tsiku lathunthu. Silinda ya gasi itsekedwe, ichotsedwe paipi, iyendenso choimirira, kutali ndi parafini ndi mbaula. Matumba a chimanga ndi ndowa za ufa zisayandikane ndi sopo, parafini kapena mankhwala opopera, chifukwa ufa umatenga fungo msanga. Ngati kunyumba yakale kudali nsikidzi, musapite nazo: masulani mabedi, thirani madzi owira m'malumikizidwe a matabwa, matiresi ayanikidwe padzuwa ndi kupoperedwa masiku angapo msamuko usanafike.

Zinthu ziwiri zisakwere lole. Choyamba ndi chikwama cha ziphaso, masatifiketi, mabuku a kuchipatala, mankhwala, ndalama, laputopu ndi machaja. Chachiwiri ndi ndowa ya usiku woyamba: neti za udzudzu pamodzi ndi misomali ndi chingwe chomangira, mababu, tochi, machesi, sopo, pepala la kuchimbudzi, poto mmodzi, ufa pang'ono, mchere ndi zofunda. Onjezanipo chigubu cha malita 20 cha madzi akumwa. Neti imangidwe usiku woyamba womwewo, makamaka pomwe pali ana aang'ono ndi amayi oyembekezera.

Makalata oti mutenge musanachoke

Ku sukulu tengani kalata yosamutsira mwana pamodzi ndi malipoti ake, koma yambani mwapeza malo ku sukulu yatsopano. Amene amamwa ma ARV kapena mankhwala a TB, a shuga ndi a BP auze a kuchipatala chawo kuti awalembere kalata yosamukira ndi kuwapatsa mankhwala okwanira mpaka atalembetsa kwatsopano. Kudukiza mankhwala amenewa chifukwa cha msamuko n'koopsa ndipo n'kopeweka. Buku la kusikelo la mwana ndi la mayi woyembekezera likhale pafupi. Ku mpingo pemphani kalata yosamukira. Ku banki mkhonde kambiranani ngati mupitirize mpaka tsiku logawana kapena mutseke gawo lanu. Ngongole ya pagolosale ndi ya mayi wa mandasi ibwezedwe, ndipo tsanzikanani ndi a mfumu ndi aneba.

Tsiku la msamuko

Lole ionedwe ndi maso dzulo lake. Kwa nyumba ya zipinda ziwiri kapena zitatu, ya matani atatu nthawi zambiri imakwanira ulendo umodzi kapena iwiri. Gwirizanani ngati mtengo ndi wa ulendo umodzi kapena wa ntchito yonse, ngati mafuta ali momwemo, ndi ngati woyendetsa abwera ndi lona ndi zingwe. Aganyu nawo mtengo wawo uthe asanagwire katundu, ndipo muwauziretu ngati kuli masitepe. Theka la ndalama liperekedwe katundu atatsitsidwa.

Yambani m'mawa kwambiri kuti mutsitse kusanade. Zolemera, monga filiji, chitofu ndi mawadilopu, zikhale kutsogolo pafupi ndi mutu wa lole. Matiresi aimikidwe m'mbali kuti atchinjirize magalasi. Munthu mmodzi aime polongedza ndi kope lija, wina akwere lole, wina adikire kotsitsira akuchonga manambala. Katundu amasowa kwambiri pa nthawi yotsitsa, pomwe anthu odutsa amadzipereka kuthandiza ndipo palibe akudziwa kuti waganyu ndi uti. Ana aang'ono akhale kwa achibale tsiku limenelo.

Ngati mukuchoka mzinda wina kupita wina, monga ulendo wa makilomita oposa 300 kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe, mudzadutsa pa malodibuloko, kuphatikizapo ya pa Zalewa. Sungani pafupi malisiti a TV, filiji ndi zipangizo zina zodula, ndipo kalata yochokera kwa a mfumu kapena kuntchito yonena kuti mukusamuka imafupikitsa mafunso. Matumba a makala musanyamule. Malamulo a zankhalango saloleza kuyenda ndi makala opanda chilolezo, ndipo mukhoza kulandidwa n'kuchedwetsa lole yonse.

Nyumba yakale musaisiye ndi zinyalala. Sesani, tsekani mabowo a misomali, jambulani zipinda ndi mita, lipirani bilu yomaliza, mupereke makiyi m'manja mwa mwini wake mutayenda naye m'nyumbamo. Apa ndi pomwe dipoziti yanu imabwerera kapena kutayika.

Masabata oyamba

Maloko a zitseko za panja asinthidwe tsiku loyamba, popeza simukudziwa kuti makiyi akale ali ndi anthu angati. Maloko akale aja asungeni kuti mudzawabwezeretse potuluka. Makatani apachikidwe katundu asanamasulidwe, kuti odutsa asawerenge zomwe muli nazo.

Sabata isanathe, pitani mukadzionetse kwa a mfumu kapena a buloko lida a deralo. Mwini nyumba kapena neba akuperekezeni. Nenani dzina lanu, kwanu, ndi anthu omwe mukukhala nawo. Atsogoleri amenewa ndi omwe adzakulembereni kalata mukadzafuna umboni wa komwe mukukhala, ndi omwenso amaweruza mikangano ya malire, ya ziweto ndi ya phokoso isanafike kupolisi. Funsani za chopereka cha maliro ndi cha achitetezo oyenda usiku, mulembetse dzina m'kaundula. Maliro akagwa m'deralo, pitani ngakhale womwalirayo simukumudziwa. Banja lomwe silioneka pa zovuta za anzawo limadzapezeka lokha tsiku lomwe zagwa pakhomo pake, ndipo m'tauni achibale amakhala kutali.

Aneba a mbali zonse apatseni moni ndipo musinthane manambala a foni ndi mmodzi kapena awiri. Iwo ndi omwe adzakuuzeni tsiku lomwe otola zinyalala amadutsa, chigayo chomwe chimagaya bwino, pulambala wokhulupirika, ndi njira yoti musadutse kukada. Ana ayende nanu ulendo wa kusukulu kawiri kapena katatu sukulu isanatsegulidwe, muwaonetse powolokera msewu ndi khomo lomwe angathawireko atapeza kunyumba kulibe munthu. Dziwaninso chipatala chomwe chimatsegula usiku, ndipo musunge nambala ya munthu wa galimoto wapafupi.

M'mwezi woyamba lembani manambala a mita ya madzi Lamlungu lililonse, ndipo mvula yoyamba ikagwa yendani m'zipinda zonse ndi tochi. Chilichonse chomwe mwapeza, kaya kudontha, kaya soketi yothetheka, chitumizeni kwa mwini nyumba molemba pamodzi ndi chithunzi tsiku lomwelo, miyezi yomwe mudalipiriratu isanathe.